Mtima wa Sajeni Pageti

1

Kalata yochokera ku Nyumba ya Malamulo inandipeza ndikuchapa, Lachiwiri m'mawa. Wamthenga anadikira kuti ndipukute m'manja, anandisainitsa m'buku lake, n'kumapita. Ndinaiwerenga chiimirire, thovu la sopo lili m'zigongono.

Komiti ya aphungu yoona za asilikali ndi chitetezo cha dziko inkandiitana Lachinayi la sabata yotsatira. Inkafuna umboni wanga pa imfa ya amuna anga, amene anamwalira miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo ali ku ntchito yosungitsa mtendere kunja.

"Alemba chiyani?" anafunsa apongozi anga ali pakhonde. Chimwalirire mwana wawo anali asanabwerere kwawo.

"Akundiitana kwa aphungu, amayi. Nkhani ya a dokotala ija."

"Mulungu sagona. Upite, mwana wanga, ukalankhule mpaka makoma amve. Munthu uja aone zakuda ngati mmene tikuzionera ifemu."

Amuna anga sanafe ndi chipolopolo. Mtima unangoima. Madokotala a kunjako atawayeza anapeza kuti nthendayo inali yakale, yoti munthu wotero sakanayenera kuloledwa ngakhale kuthamangira basi. Koma m'fayilo yawo munali chidindo chobiriwira, chosonyeza kuti ali bwino, ndipo pansi pake panali siginecha ya a Meja, dokotala wamkulu wa chipatala cha kukampu kwathu. Nyuzipepala zinaitola nkhaniyo, aphungu n'kuilowerera. Aliyense ankadziwa mathero ake: komiti ikapeza a Meja olakwa, ntchito yatha, chiphaso cha udokotala alandidwa, kenako khoti la asilikali.

Ine ankandiitana pa zifukwa ziwiri. Ndinali mkazi wamasiye, komanso ndinali kalaliki wosunga mafayilo pachipatala chomwecho kwa zaka khumi ndi zinayi.

Mwana wathu wamkazi anatuluka m'nyumba atavala kale yunifomu ya kusukulu. Bambo ake ankamutcha Kopolo chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankalamula aliyense m'nyumba, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndipita nanu," anatero. "Ndikufuna ndikamuone nkhope munthu amene anapha adadi."

Ndinamuuza kuti achedwa kusukulu, n'kubwerera pabeseni. Ndinachapa malaya amodzi omwewo kangapo konse. Ndinali ndi nkhani yanga imene sindinauzeko munthu, ngakhale abusa a kutchalitchi kwathu.

2

Ndikuuzeni za amuna anga, kuti mukamandiweruza muzidziwa amene ndinkamukonda.

Anagwira usilikali zaka makumi awiri ndi ziwiri osakwerapo ndege. Chaka chilichonse mndandanda wa opita kunja unkamatidwa pabolodi, ndipo chaka chilichonse dzina lawo linkasowa. Akuluakulu ankati munthu wodalirika ngati iwo sangachoke pageti la kampu. Ndiye anzawo ankapita, n'kubwera ndi mamendulo pachifuwa ndi nkhani zosatha, iwo akadali pompaja kukweza ndi kutsitsa chitsulo chotchingira magalimoto. Kampu yonse inkawatcha Sajeni Pageti.

"Sajeni, mutisungire geti, tikubwera," ankatero anyamata ali m'malole opita kubwalo la ndege.

Iwo ankaseka nawo, n'kuwapatsa sawatcha. Koma akafika kunyumba ankakhala pampando wapakhonde kupukuta nsapato zowala kale, osayankhula ndi munthu. Ine ndekha ndinkadziwa mmene zinkawapwetekera.

Nanenso akazi anzanga sankandisiya. Pampopi umangomva, "Amwali, inu ndiye amwayi, anu sagona kunja." Akatero n'kutsinana. Ndine munthu wapakamwa pakuthwa, ndipo ndinkawabwezera ndithu, koma mkwiyo wotsala ndinkafika nawo kunyumba. Tsiku lina titakangana pa kanthu kachabechabe ndinawauza amuna anga kuti, "Anzanu akukwera ndege, inu kukweza chitsulo." Anangondiyang'ana, n'kutenga chipewa chawo n'kupita kuntchito nthawi isanakwane. Mawu amenewo ndinapepesa, koma sanabwerere m'kamwa mwanga.

Chaka chathachi dzina lawo linatuluka. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo lamulo limati wokwanitsa makumi anayi ndi zisanu sapitanso. Unali mwayi wawo womaliza. Anabwera kunyumba masana dzuwa likuswa mtengo, anandinyamula m'khitchini ndili ndi mpeni m'manja, mpaka Kopolo anawakalipira kuti andithyola msana.

"Akalaliki," anatero, pakuti ndi mmene ankanditchulira akasangalala, "mwamuna wanu akukakwera ndege. Kwatsala kuyezedwa basi."

3

Kuyezedwa kwa asilikali opita kunja kumatenga sabata yathunthu, ndipo chipatala chimadzaza ngati msika. Amayezedwa magazi, maso, mano ndi mtima. Makina athu oyezera mtima anali akalekale. Ankatulutsa kapepala kataliatali kokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika, koma sankalemba dzina la munthu. Namwino ankalemba nambala ya msilikali kuseri kwa kapepalako ndi pensulo, chifukwa inki inkafufutika. Madzulo mapepala onse ankabwera patebulo panga m'katoni, ine n'kuphatikiza lililonse pafayilo ya mwini wake, m'mawa mwake n'kukapereka kwa a Meja. Wopambana ankalandira chidindo chobiriwira, wolephera chofiira.

Lachisanu la sabata imeneyo amuna anga analowa m'nyumba akuimba.

"Chobiriwira," anatero akumenya pachifuwa. "A Meja akuti ndili ndi mtima wa mnyamata. Akuti, Sajeni, mukudya chiyani kunyumba kwanu? Ndawauza kuti akafunse akalaliki awo."

Kopolo anawapachika tawulo m'khosi ngati mendulo, n'kuwalamula kuti agube kuzungulira tebulo. Anaguba. Nanenso ndinaseka, misozi ili m'maso, ndipo iwo anayesa kuti ndi ya chimwemwe.

Tsiku lonyamuka lole yawo itafika pageti, kopolo wina wachinyamata ndi amene anakweza chitsulo. Amuna anga anasuzumira n'kumukuwira kuti, "Undisungire geti, ndikubwera." Lole yonse inafa ndi phwete.

Ankaimba foni Lamlungu lililonse, koma ankakondanso kulemba makalata apamanja, amene ankabwera ndi ndege yonyamula katundu. Ndinalandira asanu. Yachisanu inafika patadutsa masiku awiri chimvereni uthenga.

Uthengawo unabwera Lolemba cha m'ma teni koloko. Ndili mu ofesi ndinaona pawindo akuluakulu awiri ndi abusa a asilikali akutsika m'galimoto. Mkazi aliyense wa msilikali amadziwa tanthauzo la anthu atatu amenewo akamayendera limodzi. Ndinapemphera kuti apitirire kuwodi. Anagogoda pachitseko changa.

Anandiuza kuti gulu lawo linkakwera phiri kukalondera mudzi wina, dzuwa likuwotcha. Mnyamata wonyamula mfuti yaikulu anali kudwala malungo, ndiye Sajeni anadzipereka kuti aisenza iwo. Anafika nayo pafupi ndi pamwamba, anakhala pansi ngati akufuna kumanga chingwe cha nsapato, ndipo sanadzukenso.

Ndinalira mpaka mawu anatha. Pamaliro anthu ankati sanaonepo mkazi wokonda mwamuna wake chonchija.

4

Lamlungu lomaliza tisanapite kwa aphungu, titangoweruka kutchalitchi, a Meja anabwera kunyumba. Sanavale yunifomu. Anali ataonda, jekete ikulendewera m'mapewa, chipewa chili m'manja.

Apongozi atawazindikira anaimirira. "Mwabwera kudzayeza ndani pano? Amene munamuyeza uja tinaika kale."

"Amayi, aloleni alankhule," ndinatero.

"Lankhula nawo wekha. Ine maso anga sangawaone." Analowa m'nyumba akukoka Kopolo padzanja.

Ndinawapatsa mpando, koma a Meja anaukana. Munthu wamkulu uja, wa imvi mutu wonse, amene ndinamuitana kuti bwana zaka khumi ndi zinayi, anagwada pasimenti ya pakhonde panga.

"Mayi, ndakuphererani mwamuna," anatero. "Sindinabwere kudzapempha kuti mukandinenere zabwino Lachinayi. Ndabwera kudzapepesa ndisanapepese pamaso pa anthu."

"Bwana, dzukani chonde. Anthu akuona."

"Aone. Mukumudziwa mnyamata uja amamutcha Liwiro, wothamanga uja? Sabata yomweyo ndinamupatsa chidindo chofiira, ndinati mtima wake ndi wowonongeka. Anamuchotsa usilikali. Posachedwapa wakayezetsa zipatala ziwiri, ndipo mtima wake ulibe banga. Ndiye kuti pepala lake linali m'fayilo ya Sajeni, la Sajeni m'fayilo yake. Mapepala anasinthana."

Ndinawafunsa kuti, "Anasinthana pati?"

"Patebulo panga, nanga pati? Sabata ija ndinkasaina mafayilo mazana awiri. Ndimakonda kuchotsa kapepala kuti ndikaone bwino pawindo. Mwina ndinachotsa awiri nthawi imodzi. Sindikukumbukira, ndipo chimenecho ndi chimene chikundidya. Ofufuza amafuna kupanikiza namwino, ndawauza kuti amusiye. Inunso anafunsa za inu, ndinawaseka. Ndinati, mkazi angasokoneze pepala la mwamuna wake?"

Ndinkayang'ana mawondo awo pasimenti.

"Kwanditsalira miyezi itatu kuti ndipume," anapitiriza. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuchiza asilikali, ndipo ndidzakumbukiridwa ndi ichi. Palibe kanthu. Amene anasaina ndine. Chokhacho, mwana wanu uja mudzamuuze kuti sindinachite dala."

Anadzuka movutikira atagwira khoma, anavala chipewa, n'kumapita wapansi. Apongozi anatuluka ndi ndowa ya madzi n'kutsuka pamene anagwada paja. Ine ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kukasanza.

5

Lachinayi tinafika ku Nyumba ya Malamulo m'mawa, ine, apongozi ndi Kopolo. Anatisecha pakhomo, natipatsa timakadi tovala m'khosi, kenako mayi wina wa ntchito anatitsogolera m'khonde lalitali lonunkhira polishi. Apongozi ndi Kopolo anawalowetsa kumipando ya anthu omvera. Ine anandikhazika pabenchi panja, pamodzi ndi mboni zina.

Pambali panga panakhala mnyamata wamtali wovala shati yoyera yothina m'khosi. Ndinamuzindikira asanatembenuke. Anali Liwiro.

"Mayi a Sajeni," anatero akuimirira mwaulemu. "Pepani kwambiri. Kumaliro sindinabwere, ndinali kwathu. Ndinalibe nkhope yoonekera kukampu."

"Khalani pansi, achimwene. Mukupanga chiyani masiku ano?"

"Ndimalongedza katundu m'sitolo ina. Poyamba ndinkangokhala. Anandiuza kuti ndisathamange, ndisanyamule cholemera, ndisakwere masitepe mofulumira. Ine, mayi, munthu amene ndinkathamangira kampu yonse. Chaka chathunthu ndimayenda ngati nkhalamba, ndikumvetsera pachifuwa kuti mwina lero ndi lero." Anaseka pang'ono. "Chibwenzi chinathanso. Makolo ake anati sangapereke mwana wawo kwa munthu woti amusiya wamasiye mawa. Anakwatiwa mwezi wathawu."

"Pepani," ndinatero, ndipo mawuwo anandiwawa pakamwa.

"Inu musapepese, inu ndi amene mwataya zambiri. Sajeni ndi amene anandiphunzitsa kuyala bedi ndi kupinda bulangete nditangolowa kumene. Ankanditchula kuti mwana wanga. Ndimangoganiza kuti mapepala aja akanapanda kusinthana, bwenzi mfuti ija nditasenza ine, n'kufika nayo pamwamba ndikuimba. Iwo bwenzi ali pageti mpaka lero, akutikalipira za zipewa."

Chitseko chinatseguka, mayi uja n'kuitana Liwiro. Anakhalamo pafupifupi ola. Atatuluka analowa a Meja, ndipo sanachedwe. Pobwerera anandidutsa osandiyang'ana, n'kukakhala kumapeto kwa benchi atazolika. Kenako ndinamva akuitana ine.

6

Chipindacho chinali chozizira. Aphungu khumi ndi awiri anakhala patebulo lopindika, aliyense ndi maikolofoni ndi botolo la madzi. Kumanzere kunali akuluakulu a asilikali, nyenyezi zili mbuu m'mapewa, nkhope zili gwa, chifukwa sanazolowere kufunsidwa mafunso ndi anthu wamba. Kumbuyo kunali atolankhani. Ndinaona Kopolo pamzere woyamba wa omvera, atagwira dzanja la agogo ake.

Wapampando anali mayi wachikulire wa magalasi. Atandilumbiritsa anayankhula modekha.

"Mayi, komiti ino ikupepesa. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti dziko likamatumiza ana ake kunja, likuwatumiza moyenera. Zaka zitatu zapitazo tinalamula kuti makina oyezera mtima asinthidwe, ndipo akuluakulu ali apawa sanatiyankhebe chifukwa chimene sanasinthidwire. Koma lero tikufuna timve za amuna anu. Tamva kuti muli ndi kalata yawo yomaliza. Mungatiwerengereko?"

Ndinaitulutsa m'chikwama. Inali itafewa m'mopinda chifukwa choitsegula tsiku ndi tsiku. Ndinawerenga ndime imodzi.

"Akalaliki, kuno anyamata asiya kunditcha Pageti. Ntchito yolemera ikapezeka ndimaimika dzanja ndine. Nthawi zina pachifuwa pamandigwira, mpweya n'kuchepa, koma ndimakumbukira mawu a a Meja kuti ndili ndi mtima wa mnyamata, ndiye ndimadziwa kuti ndi ulesi chabe wa pageti ukutuluka. Usadandaule za ine. Uuze Kopolo kuti mendulo yake ikubwera."

Phungu wina anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Zikomo, mayi," anatero wapampando. "Dokotala wavomera pamaso pathu kuti kulakwa ndi kwake. Monga mkazi wa malemu, mukufuna komiti ino ichite naye chiyani?"

Yankho ndinali nditalikonza sabata yonse. Ndinkafuna kunena kuti ndamukhululukira, aphungu amuchitire chifundo. Ndikanatuluka m'menemo ndili mayi wa mtima wabwino, mwana wanga ali wanga. Ndinatsegula pakamwa, koma m'maso mwanga munabwera mawondo aja pasimenti, ndi madzi a apongozi akutsuka.

"Muwasiye," ndinatero. "Sanalakwe. Mapepala sanasinthane patebulo pawo. Ndinasintha ndine."

Wapampando anawerama kuyandikira maikolofoni. "Mayi, mukumva zimene mukunenazo? Muli pa lumbiro. Mukhoza kupuma kaye, mupeze loya."

"Ndapuma miyezi isanu ndi itatu, amayi. Ndiloleni ndimalize."

Ndinawauza zonse. Lachitatu la sabata yoyeza ija katoni ya mapepala inabwera patebulo panga cha m'ma folo koloko. Ndinafunafuna nambala ya amuna anga chifukwa cha chidwi chabe. Ine si dokotala, koma zaka khumi ndi zinayi ndikuphatikiza timapepala timeneti zinandiphunzitsa kuona kamene kabwerere ndi chidindo chofiira. Mizere ya amuna anga inkadumpha, n'kugwa pamene ya anzawo imakwera. Ndinadziwa kuti m'mawa mwake a Meja awabweza pageti, ndipo ulendo uno mpaka kupuma ntchito.

Ndinakhala ndi kapepalako m'manja mpaka anzanga onse anaweruka. Ndinadziuza kuti makina ndi akale, amanama. Ndinadziuza kuti mtima umenewu ndagonapo mutu zaka makumi awiri, ndikuudziwa kuposa makina. Ndinaona nkhope yawo tsiku lija ndinawanena za chitsulo. Kenako ndinasanthula m'katoni kufuna kapepala kokongola kuposa onse, ndipo ndinapeza ka Liwiro. Ndinati uyu ndi mwana, akamubweza chaka chino adzamuyezanso, chaka chamawa adzapita. Ndinatenga labala m'dirowa, ndinafufuta manambala awiri, n'kulembanso ndi pensulo. Sizinanditengere ngakhale mphindi ziwiri.

"Amuna anu ankadziwa?" anafunsa wapampando.

"Ayi. Akanadziwa sakanalola. Anali munthu woongoka."

"Nanga mutamva kuti mnyamatayu wachotsedwa ntchito?"

"Ndinakhala chete. Amuna anga anali atapita kale, ndipo ndikanaulula akanawabweza ndi manyazi."

"Ankakuuzani pafoni kuti pachifuwa pamawagwira?"

Funso limeneli ndi limene linandithyola. "Anandiuza kawiri. Ndinawauza kuti azimwa madzi ambiri."

Kumbuyo kunamveka mpando ukugwa. Nditatembenuka ndinaona apongozi atagwira kumutu, ndi msana wa Kopolo akutuluka pachitseko.

7

Ndinamupeza panja, atakhala pamasitepe, kakadi kaja atakavula. Sankalira. Ndinakhala pambali pake, iye n'kusunthira uko.

"Adadi anakuuzani kuti pachifuwa pakuwapweteka," anatero osandiyang'ana.

"Eya."

"Inu mukudziwa chifukwa chake."

"Eya, mwana wanga."

"Mukanangonena mawu amodzi pafoni. Mukanangoti, musanyamule zolemera."

Pafoni paja ndinkaopa kuti bambo ake andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinkawerengera masiku, ndikuti atsala miyezi itatu, atsala iwiri, abwera, ndidzawatengera kwa dokotala wina mwakachetechete.

"Miyezi yonseyi mumandiona ndikutukwana a dokotala aja," anatero. "Mumandiona ndikuwapempherera zoipa. Mumangondiyang'ana."

Anaimirira n'kupita kwa agogo ake, amene ankatuluka atagwiriziridwa ndi Liwiro. Mnyamatayo anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndikanakonda akanandilavulira.

Madzulo a tsiku lomwelo apongozi ndi Kopolo analongedza. Apongozi sananditukwane, ngakhale ndinkayembekezera. Anangoti, "Ndinkakutcha mwana wanga," n'kunyamula chikwama. Kopolo anatsalira pang'ono kuchipinda. Atatuluka anali ndi kabokosi ka mendulo ya bambo ake, imene akuluakulu anamupatsa m'manja tsiku la maliro, ndipo ankagona nayo pansi pa pilo. Anakaika patebulo, patsogolo panga.

"Iyi ndi yanu," anatero. "Ndi imene munkaifuna. Ine ndinkangofuna adadi."

Papita miyezi inayi tsopano. Ntchito anandichotsa, nyumba ya kukampu ndinatulukamo, ndipo mlandu wanga uli kukhoti. Ndikukhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa malo okonzera magalimoto. Komiti inawayeretsa a Meja, ndipo anapuma ntchito ndi ulemu wawo. Ananditumizira kakalata ka mizere iwiri kondiuza kuti amandipempherera, ndipo sindinathe kukawerenga kawiri. Liwiro anamubwezera usilikali, koma mkazi uja palibe komiti imene ingamubwezere. Ndamva kuti makina atsopano afika, olemba okha dzina la munthu. Kopolo ndimamuimbira Lamlungu lililonse, nthawi imene bambo ake ankaimba. Foni imaitana mpaka kuduka.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu mukuti ndine mfiti, ndipo sindikutsutsani. Koma ndikupempheni kuti musandiike kutali kwambiri ndi inu. Sindinkadana ndi amuna anga, ndinalibe chibwenzi, sindinkafuna kuti achoke. Ndinkawakonda, ndipo ndinatopa kuwaona akusekedwa, nanenso ndinatopa kusekedwa. Chidindo chofiira chija ndinkachiona ngati mdani wa banja langa, osadziwa kuti ndi chokhacho chimene chinaima pakati pa iwo ndi phiri lija. Ngati muli ndi wanu amene anzake amupitirira, amene amabwera kunyumba madzulo alionse ndi nkhani zomwezomwezo zotopetsa, mulandireni chipewa, mumufunse kuti zayenda bwanji kuntchito. Choona chimene chingamupweteke mumuuze, alire ali moyo.

Popita kukhoti basi imadutsa pakampu. Pageti pali sajeni wina tsopano, wonenepa, wa dazi, ndipo ndamva kuti nayenso anyamata amamuseka. Ndimamuona akukweza chitsulo n'kutsitsa, akukweza n'kutsitsa. Tsiku lina ndinaona mkazi wake atamubweretsera chakudya chamasana m'kontena, akumukalipira za chinachake, iye akungoseka. Ndinatsika basi pamalo osakhala anga, n'kuima tsidya lina la msewu kuwayang'ana mpaka mayiyo anapita. Sindinachitepo nsanje ndi munthu ngati mmene ndinachitira ndi mayi ameneyo.